Mpikisano wa ma ham uziwerenga zigawo za nthawi

Pafupifupi Loweruka ndi Lamlungu lililonse pamakhala mpikisano wa anthu okonda wailesi ya amateur, aja amadzitchula kuti ma ham. Ntchito yake ndi imodzimodzi kulikonse. M'maola oikika mulumikizane ndi masiteshoni ambiri momwe mungathere, mupatsane uthenga waufupi umene malamulo anena, mulembe zonse mu logi, kenako mutumize logiyo kwa oyendetsa mpikisano kuti akaiyerekeze ndi ya anzanu. Chimene chimasiyanitsa mpikisano wina ndi unzake ndi chochulukitsira, chiwerengero chija chimene mapointi anu onse amachulukitsidwa nacho pomaliza. Mu CQ World Wide DX chochulukitsira ndi maiko pamodzi ndi zigawo 40 za mapu a CQ. Mu IARU HF World Championship ndi zigawo za ITU ndi masiteshoni a malikulu a mabungwe a ma ham. Mu CQ WPX ndi zilembo ndi nambala zoyambirira za callsign, dzina la siteshoni loitanira pa mphepo. Ife tikuimira njira ina, yowerenga zigawo za nthawi, ndiye kuti maola amene wotchi ya kumene kuli siteshoniyo yatsogola kapena yatsalira nawo poyerekeza ndi UTC, nthawi ya dziko lonse yowerengera ku Greenwich. Njirayi ili ndi zilema zake ndipo tizitchula, koma palibe ina imene imakakamiza munthu kutembenuzira eriyo kum'mawa ndi kumadzulo ngati iyi, ndipo kumeneko ndi kumene luso limaonekera.

Taonani mmene CQ World Wide imayendera kwa munthu amene ali kum'mwera kwa Africa. Siteshoni ya ku kontinenti ina imapatsa mapointi 3, ya dziko lina la mu Africa momwemo pointi 1, ya m'dziko lanu lomwe 0. Europe ili kumpoto kwathu, yodzaza ndi ma ham masauzande, yogawika m'maiko ang'onoang'ono ambirimbiri, ndipo dziko lililonse ndi chochulukitsira pa bandi iliyonse, ndiye kuti dera lililonse la ma frequency. Kuchokera ku Lilongwe, Germany ili pa madigiri pafupifupi 344, mtunda wa makilomita 7,500 kapena kuposerapo pang'ono. Munthu angathe kuloza eriyo kumeneko Loweruka m'mawa, osaigwiranso mpaka Lolemba, n'kutuluka ndi mapointi osachititsa manyazi. Koma kuchokera ku Lisbon kukafika ku Moscow pali zigawo za nthawi 4 zokha. Mukamawerenga zigawo za nthawi, khamu lonse lija la ku Europe limatha kukupatsani zochulukitsira mu ola loyamba, ndipo zotsalazo muyenera kukazisaka ku Japan, ku India, ku Brazil, ku California ndi m'zilumba za Pacific.

Chifukwa chimene njira ya kumpoto ilili yofewa ndi dzuwa. Mafunde a mabandi a mpikisano, kuyambira pa 1.8 mpaka 28 MHz, amafika kutali pobwezedwa ndi miyalo ya mpweya wa kumwamba umene dzuwa limaupatsa mphamvu ya magetsi. Muyalo wa F2, pa makilomita 250 mpaka 400 kuchoka pansi, ndi umene umabweza mafunde, ndipo kudumpha kumodzi sikupitirira makilomita pafupifupi 4,000. Pansi pake, pa makilomita 60 mpaka 90, pali muyalo wa D, umene ntchito yake ndi kumeza mafunde a mabandi apansi, 160, 80 ndi 40 m (bandi imatchulidwa ndi utali wa funde lake m'mamita), nthawi yonse imene dzuwa lili kumwamba. Dzuwa likalowa muyalo wa D umazimirira msanga, mabandi apansi n'kutseguka. Koma usiku womwewo F2 imafooka pang'onopang'ono, ndipo 10 m ndi 15 m zimatsekeka. Tsono masiteshoni awiri amene ali m'chigawo chimodzi cha nthawi amaona dzuwa limodzi. Kukacha kuno kwachanso ku Greece, kukada kuno kwadanso kumeneko, choncho bandi imene ili yabwino mbali ino ili yabwinonso mbali inayo. Palinso mwayi wina wa mafunde owoloka equator, umene ma ham amautchula kuti TEP, umene umatsegula 10 m ngakhale 6 m masana ndi madzulo pakati pa kum'mwera kwa Africa ndi maiko a ku Mediterranean.

Njira ya kum'mawa kapena kumadzulo ilibe chifundo chotere. Dziko limazungulira madigiri 15 pa ola, ndiye siteshoni imene yasiyana nanu maola 7 ili kutali ndi madigiri oposa 100 a longitude. Mafunde ayenera kudumpha katatu kapena kanayi, ndipo kudumpha kulikonse kumagwera pamalo pamene pali ola lina la tsiku. Pa njira yaitali yotere, bandi yapamwamba imatseguka pokhapokha F2 ikakhala yamphamvu mbali zonse ziwiri, pa makilomita pafupifupi 2,000 kuchoka pa siteshoni iliyonse. Mbali imodzi ikafooka, njira yonse yafa, ngakhale kuno bandi ikumveka phokoso la masiteshoni a ku Italy. Bandi yapansi nayo imafuna kuti njira yonse ikhale mumdima. Choncho funso la mpikisano wotere silikhala lakuti bandi yatseguka kodi. Limakhala lakuti yatsegukira kuti, ndipo ikhala mphindi zingati.

Tiyeni tiike manambala, titenge kumapeto kwa Okutobala ku Lilongwe. Dzuwa limatuluka cha m'ma 0313 UTC ndi kulowa cha m'ma 1545 UTC. Ku Tokyo limalowa cha m'ma 0750 UTC ndi kutuluka cha m'ma 2100 UTC. Ndiye kuwala kumene tonse tili nako ndi kuyambira 0313 mpaka 0750, nthawi ya 15 m ndi 10 m, ndipo mdima wa tonse ndi kuyambira 1545 mpaka 2100, nthawi ya 40 m ndi 80 m. Eriyo iloze pa madigiri 57. Mwayi wake ndi wakuti Mumbai ili pa madigiri 50, choncho UTC+5:30 ndi zigawo zina za pakati zimabwera popanda kutembenuza kanthu. Perth ili payokha pa madigiri 120. New York ili pa madigiri 309, mtunda wa makilomita 12,500. Kumeneko kumacha cha m'ma 1120 UTC ndi kuda cha m'ma 2200 UTC, ndiye mabandi apamwamba ndi a masana athu mpaka madzulo, apansi ndi a pakati pa usiku mpaka m'bandakucha. M'zaka zimene dzuwa lili ndi madontho ambiri, monga zozungulira 2024, 15 m imakhalabe yotseguka kupita ku America maola angapo kuno kutada kale, chifukwa F2 ya kufupi ndi equator imachedwa kufooka. São Paulo ili pa madigiri 249 ndipo kawirikawiri sivuta.

Kuvuta kumayamba mukadutsa maola 9 kapena 10. Los Angeles ili pa makilomita 16,400, pa madigiri 313. Kumeneko kumacha cha m'ma 1410 UTC, kutatsala ola limodzi ndi theka kuti kuno kude. Pa nthawi imeneyo wodziwa amatembenuza eriyo kuilozetsa kumbuyo, pa madigiri 133, chifukwa njira yaitali, yodzera kum'mwera kwa Indian Ocean n'kukatulukira ku Pacific, imakhala mumdima pafupifupi yonse, ndipo 40 m ndi 20 m zimatha kutseguka modabwitsa. Ambiri amaphonya khomo limeneli chifukwa cha m'ma 5 koloko madzulo amakhala ali pa 10 m, akusangalala ndi mzere wa a ku Europe. Hawaii ndiye mapeto. Ili pa UTC−10, maola 12 enieni kuchoka pa UTC+2, ndipo ili kufupi ndi malo amene mukanatulukira mutaboola dziko kuchokera ku Malawi. Kumeneko kumacha cha m'ma 1630 UTC, ndiye mdima wa tonse ndi mphindi 45 zokha, kuyambira 1545. M'mawa chimodzimodzi, koma ndi kuwala kwa tonse: kuno kumacha 0313, kumeneko kumada cha m'ma 0400. Makomo awiri pa tsiku, lililonse losakwana ola. Ali ngati ngumbi zimene zimatuluka kanthawi mvula ikangokata, wochedwa kunyamula ndowa amapeza mapiko okhaokha. Malire a mdima ndi kuwala amenewa, amene ma ham amawatchula kuti grey line, amadutsa mofulumira kuno kuposa ku Europe chifukwa tili pa madigiri 14 okha kum'mwera kwa equator, kumene chisisira sichikhalitsa.

Mpikisano umene umalipira munthu chifukwa chodziwa zimenezi ndi umene tikuufuna. Masamu ake ndi osavuta. Tiyerekeze kuti muli ndi mapointi 3,000 ndi zochulukitsira 60, zonse pamodzi 180,000. Chochulukitsira chimodzi chatsopano chikuwonjezerani 3,000. Kuti mupeze 3,000 yomweyo ndi masiteshoni wamba mufunika mapointi 50, omwe ndi masiteshoni 17 a mapointi 3. Ngati mukulemba masiteshoni 100 pa ola, amenewo ndi a mphindi 10. Ndiye kusiya mzere wa oitana kwa mphindi zosakwana 10 kuti mukagwire chigawo chatsopano n'kopindulitsa, kupitirira apo mwayamba kuluza. Zigawo za nthawi zimene zikugwiritsidwa ntchito pa dziko lonse n'zoposa 30 koma zosafika 40, pamene maiko a pa mndandanda wa DXCC, umene ma ham amawerengera maiko, ndi 340. Zochulukitsira zikachepa chotere, chilichonse chimalemera, ndipo mphindi zimene mungaononge pochisaka zimachuluka. Mukagwira siteshoni ya chigawo chosowa pa 20 m musailole ipite. Ipempheni QSY, ndiye kuti isamukire pa frequency ina, muitchulire frequency yeniyeni pa 15 m kapena 40 m, mukakumanenso kumeneko nthawi yomweyo.

Zida nazo zimasintha. Eriyo ya dipole imaponya mphamvu m'mbali mwake, osati kunsonga za waya. Waya womangidwa kuchokera kum'mawa kupita kumadzulo amaponya kumpoto ndi kum'mwera, ndipo amathandiza wofuna Europe. Wofuna zigawo za nthawi amange waya wake kuchokera kumpoto kupita kum'mwera. Akatero Japan imakhala madigiri 33 kuchoka pakati pa mphamvu, New York madigiri 39, São Paulo 21, Perth 30, zonse m'kati mwa dera limene dipole imagwira bwino. Europe imagwera kunsonga n'kufookerako, koma a ku Europe ndi ambiri ndipo ali ndi maeriyo akuluakulu, adzakumvanibe. Utali wa waya mumaupeza pogawa 143 ndi frequency ya mu MHz: mamita 10.07 pa 14.2 MHz, 6.75 pa 21.2 MHz, 20.1 pa 7.1 MHz. Dulani motalikirako ndi masentimita 20 kapena 30, mupinde nsonga poyeza SWR, muyeso wa mmene eriyo yagwirizanirana ndi wailesi, chifukwa waya wofupika sabwezeka. Dipole ya 40 m imagwiranso pa 15 m.

Kukwera kwa eriyo ndi kumene ambiri amanyalanyaza. Njira ya makilomita 12,000 imafuna mafunde ochoka mopendekera pansi, ndipo dipole imayamba kutero ikakwera theka la utali wa funde, mamita 10 pa 20 m, mamita 20 pa 40 m. Dipole ya 40 m yopachikidwa pa mamita 6 imaponya mphamvu zake kumwamba, n'kumamveka bwino ku Lusaka ndi ku Harare, koma ku Tokyo ziii. Pa 40 m ndi bwino kuimika eriyo yoongoka ya mamita 10, pa nsungwi kapena pa ndodo ya fiberglass, n'kuyala pansi mawaya 16 mpaka 32 ochokera patsinde pake ngati masipoko a njinga. Mawaya awiri kapena atatu oyala pansi sakwanira, mphamvu yambiri imangotenthetsa dothi. Chingwe cha coax nacho chimadya. Mamita 30 a RG-58 pa 28 MHz amataya pafupifupi 2.5 dB, kutsala pang'ono theka la mphamvu, pamene RG-213 imataya pafupifupi theka la zimenezo. Pomwe coax yalumikizana ndi eriyo pakulungidwe bwino ndi tepi, chifukwa madzi akalowa waya wa mkati amada ndipo chingwe chonse chimakhala chotaya.

Tsopano zilema. Chachikulu n'chakuti zigawo za nthawi sazilemba ndi dzuwa, amazilemba ndi maboma. Msonkhano wa ku Washington wa 1884 unagwirizana zoti longitude iziyambira ku Greenwich, koma dziko lililonse limasankha lokha wotchi yake. China yonse imatsata UTC+8, kuchokera ku Shanghai mpaka ku Xinjiang, pamene Russia ili ndi zigawo 11. Spain ili pa longitude ya Britain koma imayendera wotchi ya Germany. Samoa inalumpha tsiku la 30 Disembala 2011 n'kuchoka pa UTC−11 kupita pa UTC+13, pamene American Samoa, yoyandikana nayo, inatsala pa UTC−11. North Korea inali pa UTC+8:30 kuyambira 2015 mpaka 2018, Venezuela pa UTC−4:30 kuyambira 2007 mpaka 2016, ndipo zigawo ziwirizi zinabadwa n'kufa ndi chilengezo cha boma. UTC−12 ili ndi zilumba za Baker ndi Howland zokha, kopanda munthu wokhalako. Wotsutsa anganene kuti chochulukitsira chimene nyumba ya malamulo ingachifafanize usiku umodzi si maziko omangapo mpikisano.

Yankho lathu n'lakuti mndandanda wa maiko nawo umasintha. South Sudan inalowa mu DXCC mu 2011, East Germany inatulukamo mu 1990, ndipo mipikisano sinagwe. Chofunika ndi chakuti oyendetsa mpikisano atulutse mndandanda wa zigawo miyezi ingapo tsiku lisanafike, ndipo umenewo ukhale womaliza chaka chimenecho. Zigawo za theka la ola ndi za mphindi 45 zisachotsedwe, chifukwa ndi zimene zimakometsa kusaka: Nepal pa UTC+5:45, zilumba za Chatham pa UTC+12:45, Marquesas pa UTC−9:30, Newfoundland pa UTC−3:30, Myanmar pa UTC+6:30. Ena angakonde kudula dziko m'mizere 24 ya madigiri 15, monga amachitira amalinyero panyanja. N'zolongosoka pa pepala, koma zimachotsa chinthu chimene aliyense amachidziwa asanaone mapu, nthawi ya kwawo.

Chilema chachiwiri ndi wotchi ya chilimwe, ndipo apa malamulo ayenera kuuma. Maiko a European Union ndi Britain amasintha wotchi Lamlungu lomaliza la Malichi ndi Lamlungu lomaliza la Okutobala, pa 0100 UTC. Masiku amenewa ndi omwewo a CQ WPX SSB ndi CQ World Wide SSB, mipikisano yolankhula ndi mawu, chaka chilichonse. M'mipikisano imeneyo palibe vuto chifukwa logi imayendera UTC. Koma mpikisano wa zigawo za nthawi utagwera sabata yotere, siteshoni ya ku Munich ingayambe ili UTC+2 n'kumaliza ili UTC+1. America imasintha masiku ena, Lamlungu lachiwiri la Malichi ndi loyamba la Novembala, mbali yaikulu ya Arizona sisintha n'komwe, ndipo Queensland imasiyana ndi New South Wales miyezi ina yokha. Lamulo likhale lakuti aliyense atumize chigawo chake chokhazikika, cha nthawi imene wotchi sinakankhidwe, zivute zitani. Kupanda apo oyang'ana malogi adzachotsera mapointi anthu amene anamva bwino zimene mnzawo anatumiza molakwitsa.

Chachitatu chikukhudza ife. Mu CQ World Wide, siteshoni ya ku Malawi yokhala ndi callsign yoyamba ndi 7Q ndi ndiwo ya aliyense. Ma ham okhazikika m'dziko muno ndi ochepa, ndiye munthu mmodzi amapereka dziko losowa komanso chigawo 37, ndipo wa ku Zambia wa 9J amapereka chigawo 36. Mu mpikisano wa zigawo za nthawi ulemu umenewu umatha. UTC+2 ndi ya Finland, Ukraine, Romania, Bulgaria ndi Greece, ndipo wa ku America adzaipeza kumeneko mosavuta. Izi n'zoona ndipo sitizibisa. Koma kufunidwa chifukwa cha kusowa sikuphunzitsa munthu kanthu. Mzere wa oitana umabwera wokha ngakhale eriyo ili yokhota. Mpikisano umodzi pa chaka umene 7Q ayenera kulimbana ngati wina aliyense ungaonetse bwino ngati siteshoni ikumva ndi kufika kumene mwini wake amaganiza.

Pali chinthu chimodzi chimene sitingavomere, ndicho kupereka mapointi potengera kusiyana kwa maola. Poyamba zimaoneka zoyenera: maola 7, mapointi 7. Koma ola si lofanana kulikonse. Pa equator madigiri 15 ndi makilomita pafupifupi 1,670, ku Lilongwe 1,620, ku Helsinki, pa madigiri 60 kumpoto, 835 okha. Wa kumpoto kwenikweni angadutse maola ambiri pa mtunda waufupi podzera ku North Pole, ngakhale kuti aurora imam'vutitsa masiku amene K index, muyeso wa kusokonezeka kwa maginito a dziko, yakwera. Masamu akenso amasokoneza. Kiritimati ili pa UTC+14, Hawaii pa UTC−10, kusiyana kwa maola 24 pa pepala, chonsecho mawotchi awo amaloza ola limodzi ndipo zilumbazi zili pa longitude yofanana. Zigawo za nthawi zikhale chochulukitsira, koma mapointi ayendere mtunda. Njira yake ilipo kale. World Wide Digi DX imapereka pointi 1 ndi ina pa makilomita 3,000 aliwonse, Stew Perry Topband Distance Challenge ya pa 160 m imawonjezera pointi pa makilomita 500 aliwonse, ndipo onsewa amayeza mtunda ndi grid ya Maidenhead, zilembo ndi manambala osonyeza malo pa mapu. Lilongwe ndi KH66, Blantyre KH74.

Ndiye uthenga wopatsana ukhale grid ndi chigawo cha nthawi. Lipoti la mmene mukumvera mnzanu, 59 kapena 599, lichotsedwe, popeza aliyense amapereka lomwelo ngakhale akumva movutikira. Ubwino wina wa uthenga wotere ndi wakuti kompyuta singaulote wonse. Mu CQ World Wide mukangolemba callsign, pulogalamu ngati N1MM Logger+ imadzaza yokha chigawo, ndipo nthawi zambiri imalondola. Koma nambala ya mu callsign ya ku America masiku ano sinenanso kumene munthu ali, W6 angathe kukhala ku Florida, ndipo Russia, Canada, Australia, Brazil ndi Indonesia zili ndi zigawo zingapo dziko lililonse. Khutu liyenera kugwira ntchito. Chizindikiro cha kuchotsa ndi cha kuphatikiza zisagwiritsidwe ntchito pa mphepo, chifukwa zimatayika m'phokoso ndipo +5 ndi −5 ndi Pakistan ndi New York. Chilembo E kapena W kutsogolo kwa manambala chimamveka bwino pa mawu ndi pa Morse pomwe.

Utali wa mpikisano ukhale maola 24 athunthu. Wochepera apo umakondera amene dzuwa lawagwera bwino, chifukwa ena sadzaona n'komwe khomo lawo la m'mawa kapena la madzulo. Wa maola 48, woyamba 0000 UTC monga CQ World Wide, kuno umayamba 2 koloko usiku wolowa Loweruka n'kutha 2 koloko usiku wolowa Lolemba, ndipo munthu wa pantchito amafika ku ofesi maso ali psuu. Dongosolo la IARU, loyamba 1200 UTC Loweruka n'kutha Lamlungu nthawi yomweyo, limapatsa aliyense kutuluka kwa dzuwa kumodzi ndi kulowa kumodzi. Khomo lililonse limabwera kamodzi, ndipo wogona pa ola lolakwika alibe mawa. Kwa ife tulo tabwino ndi ta masana, pakati pa 0900 ndi 1100 UTC, Japan itatseka America isanatseguke. Kugona m'bandakucha ndiko kutaya California ndi Hawaii.

Zambiri zimene zimaononga mapointi sizichitikira kumwamba, zimachitikira patebulo. Pulogalamu ya logi imatenga UTC ku wotchi ya kompyuta. Laputopu yogula kaunjika nthawi zambiri imabwera ili pa chigawo cha London kapena cha ku America, mwini wake n'kungokonza manambala kuti afanane ndi wotchi ya pakhoma. Pamaso zimaoneka bwino, koma logi yonse imatuluka yaphonya ndi maola. Mu Windows sankhani chigawo cholembedwa Harare, Pretoria, kenako mulunzanitse wotchi pa intaneti kapena ndi GPS. Ngati tsiku limabwerera m'mbuyo mukazimitsa, kabatire ka CR2032 ka mkati katha. Pa FT8, njira yolumikizirana pa kompyuta imene imasinthana mphindikati 15 zilizonse, ndi FT4, ya 7.5, wotchi yophonya ndi mphindikati ziwiri imayamba kale kukutayitsani masiteshoni. Callsign yomva molakwika nayo ndi yodula. Mu CQ World Wide siteshoniyo imachotsedwa ndipo mumalipanso mapointi ake kawiri, ndiye kufunsanso kamodzi n'kotchipa kuposa kulota. Logi imatumizidwa mu mtundu wa Cabrillo pasanathe masiku amene malamulo anena.

Magetsi akonzekeredwe ngati kuti adzathima. Wailesi ya 100 W imakoka ma ampere 20 mpaka 22 pa 13.8 V poulutsa ndi 1 kapena 2 pomvera, ndipo zambiri zimayamba kusokoneza mawu kapena kuzima zokha mphamvu ikatsika kufika cha m'ma 11.7 V. Batire la asidi la 100 Ah likupatsani theka lokha musanaliononge, maola 6 mpaka 8 a kuitana kosalekeza pa SSB. Mawaya ochokera ku batire akhale onenepa ndi aafupi, osapitirira mamita 2, fyuzi ili pafupi ndi batire. Kutsitsa mphamvu kufika pa 50 W kumangotaya 3 dB, theka la S-unit, sitepe imodzi pa mita ya mphamvu ya siginolo, koma batire limakhalitsa. Mdani wina ndi phokoso la m'nyumba momwemo: inveta, kontirola ya sola, matchaja a foni otchipa ndi mababu a LED. Siteshoni ya ku Pacific imafika ndi kamawu kakang'ono, ndipo phokoso la S7 limaikwirira yonse. Yendetsani wailesi pa batire, zimitsani switchi yaikulu ya nyumba, muone ngati phokoso latsika, kenako muyatse chimodzichimodzi mpaka mutapeza wolakwa. Mphete za ferrite za mix 31, waya atazunguliramo kangapo, zimathandiza. Phokoso la ziphaliwali za Novembala pa 80 m ndi 160 m ndiye lilibe mankhwala kupatula eriyo yapadera yomvera, ndipo mphezi ikayandikira coax ichotsedwe ku wailesi n'kuikidwa kunja.

Pa SSB malo okhala pa bandi nawo amasankha amene akuyankheni. Ma ham a ku America a laisensi ya General amaloledwa kulankhula kuyambira pa 14.225 ndi 21.275 MHz kupita m'mwamba, ndipo pa 40 m kuyambira 7.175. Kuno ku Region 1, dera la ITU limene muli Africa ndi Europe, bandi ya 40 m imathera pa 7.200, ndiye pokumanirana ndi 25 kHz zokha, pokhapokha mutalengeza kuti mukumvera pamwamba pa 7.200. A ku Europe akachuluka, imani mphindi zingapo zilizonse muitane Asia yokha kapena Pacific yokha, ndipo musayankhe wina aliyense wolowerera, chifukwa mukayankha mmodzi onse abwerera.

Kuulutsa pa mabandi amenewa kumafuna laisensi, ku Malawi yochokera ku MACRA, ku Zambia ku ZICTA, ndipo pempho lipite miyezi ingapo mpikisano usanafike. Podikira, ntchito yomvera ilipo kale. Ma beacon 18, masiteshoni odziyendera okha a mabungwe a NCDXF ndi IARU, amaulutsa mosinthana pa 14.100, 18.110, 21.150, 24.930 ndi 28.200 MHz, iliyonse mphindikati 10, kuzungulira konse mphindi 3. Iliyonse imatumiza callsign yake pa Morse, kenako mizere inayi pa 100 W, 10 W, 1 W ndi 0.1 W. JA2IGY ndi ya ku Japan, 4S7B ya ku Sri Lanka, VK6RBP ya ku Western Australia, ZL6B ya ku New Zealand, 4U1UN ya ku New York, W6WX ya ku California, LU4AA ya ku Argentina. Sabata yotsogolera mpikisano jambulani tebulo la maola 24 a UTC, ndipo pa bandi iliyonse mulembe beacon imene mwamva, ola lake, ndi mizere ingati mwa inayi ija. Pamene mwamva mzere wa 1 W, wailesi yanu ya 100 W idzafikako mosakayika. Pamene mwamva wa 100 W wokha, mudzafunika Morse kapena FT4, komanso eriyo yolozetsedwa bwino.